Lipoti la msonkhano wa akatswiri a malamulo umene munandituma

A Wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'gulu lathu,

Munandituma ku msonkhano wa aphunzitsi a malamulo ndi maloya umene unachitikira pa yunivesite ina, ndipo mwambo wathu umati wotumidwa azibweza mawu polemba. Ndikudziwa kuti pokambirana za ulendowu ena anafunsa kuti gulu lothandizana pa maliro ndi pa matenda likukafuna chiyani kwa mapulofesa. Werengani mpaka pa nkhani ya misonkho, yankho mukalipeza pamenepo.

Mitu ikuluikulu inali itatu: zotsalira za ukapolo m'malamulo a America, kayendetsedwe ka milandu ndi ndende, ndi nkhani ya anthu amene amalembera anzawo mafomu a msonkho powalipiritsa. Poona pulogalamu ndinkayesa kuti anangosonkhanitsa mitu yosagwirizana kuti holo idzaze, koma pofika kumapeto zinaoneka kuti zitatuzi zimakolana. Malonje otsegulira anali othokozana okhaokha. Panalinso gawo la momwe magazini a malamulo amasankhira nkhani zosindikiza, limene silikutikhudza.

Mayi wina wophunzitsa mbiri ya malamulo ndiye anandigwira mtima. Anayambira pa kusintha kwa nambala 13 kwa malamulo aakulu a dziko lino la America, kwa mu 1865, kumene tonse tinaloweza pokonzekera mayeso a unzika kuti kunathetsa ukapolo. Chimene sitiloweza n'chakuti m'chiganizo chomwecho muli khomo losatseka: ukapolo ndi ntchito yokakamiza n'zoletsedwa, kupatula ngati chilango cha munthu amene khoti lamupeza wolakwa. Zigawo za kummwera zinaliona khomolo msanga. Chaka chomwecho cha 1865, Mississippi inakhazikitsa lamulo loti munthu wakuda aliyense azikhala ndi kalata yosonyeza kuti walembedwa ntchito. Wopanda kalata ankamangidwa ngati woyendayenda, n'kumulamula chindapusa. Akalephera kulipira, ankamupereka kwa aliyense amene walipira chindapusacho kuti akamugwirire ntchito. Nthawi zambiri wolipirayo anali mwini munda yemwe uja. Mu 1871 khoti lalikulu la Virginia linachita kunena poyera, pa mlandu wa Ruffin, kuti mkaidi ndi kapolo wa boma.

Kuchoka apo maboma anayamba kubwereketsa akaidi kwa makampani a migodi, a njanji ndi a minda. Ku Alabama, mgodi wa malasha wa Banner utaphulika mu 1911, anthu 128 anafa, ndipo pafupifupi onse anali akaidi akuda obwereketsedwa. Alabama inasiya mchitidwewu mu 1928, pambuyo pa zigawo zina zonse. Ndende ya Angola ku Louisiana, yomwe ili pa malo a maekala pafupifupi 18,000, inali munda wa akapolo, ndipo mpaka lero akaidi amalima pomwepo. Posachedwapa zigawo zayamba kufufuta mawu opatula aja m'malamulo awo: Colorado mu 2018, Utah ndi Nebraska mu 2020, Alabama, Tennessee, Oregon ndi Vermont mu 2022. Koma ku California, kumene tonse timati ndi kwa anthu omasuka maganizo, ovota anakana mu 2024. Ine zimenezi zinandiuma pakamwa.

Mayiyo akufotokoza za omangidwa chifukwa chongoyenda, maganizo anga anathamangira ku vakabu. Ndani mwa ife alibe m'bale amene anagonako m'chitokosi pongopezeka pa depoti usiku? Lamulo lija tinalilandira kwa Angerezi, ndipo linakhalabe m'buku mwathu mpaka mu 2017, pamene khoti lalikulu ku Blantyre linagamula pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wa majumbo amene apolisi anamugwira m'mbandakucha akupita ku geni, kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndinaimika dzanja n'kufotokoza zimenezi, ndipo pa nthawi ya tiyi anthu angapo anabwera kudzalemba dzina la mlanduwo. Sindikunena kuti vakabu ndi ukapolo wa ku Mississippi n'chinthu chimodzi. Akapolo ochoka kwa Jumbe ku Nkhotakota ankalowera ku Kilwa ndi ku Zanzibar, mbiri yathu ndi ina. Koma nzeru yogwiritsa ntchito lamulo posandutsa umphawi kukhala mlandu ndi imodzimodzi.

Apa ndilankhuleko zimene zakhala zikundiwawa. Pa zochitika zathu, nyama ili pamoto, ndamvapo kangapo akulu ndithu akunena kuti akuda a kuno ndi aulesi, amakonda ndende, ife tinabwera ndi chikwama chimodzi koma taonani tagula nyumba. Amalankhula ana athu akumva, ana amene wapolisi akawaimitsa pamsewu sawafunsa ngati agogo awo ali ku Ntcheu kapena ku Alabama. Ife tinafika kuno lamulo la 1965 litatsegula kale khomo kwa anthu ochokera ku Africa, ndipo lamulolo linadza pa nthawi imene anthu omwe tikuwanyozawo ankamenyedwa m'misewu pofuna ufulu. Ndinanenapo zimenezi chaka chatha ndipo ndinauzidwa kuti ndikulowetsa ndale m'gulu. Ndikubwerezanso.

Panali nkhani ina yaifupi koma yodabwitsa, ya kafukufuku wa Justin Simard wa ku Michigan State University. Iye anapeza kuti majaji a masiku ano, pogamula milandu ya ngongole, ya chuma cha masiye kapena ya katundu wowonongeka, amatchulabe zigamulo zakale zimene katundu wake anali munthu, ndipo nthawi zambiri sanena n'komwe kuti mlanduwo unali wa kapolo. Chifukwa cha kafukufukuyu, kuyambira mu 2021 buku limene maloya a kuno amatsata potchula milandu likulamula kuti azisonyeza ngati mlanduwo unakhudza kapolo. Ena m'holomo ankati n'zochepa, kungowonjezera timawu. Ine ndikuona kuti loya wachinyamata akalemba timawuto kamodzi sadzawerenganso chigamulocho ngati kale.

Gawo la milandu linali ndi zigawo zambiri. La makompyuta olosera ngati munthu adzapalamulenso linali la masamu okhaokha. La chilango cha imfa linabwereza mlandu wa McCleskey wa 1987, pamene khoti la Supreme linaona umboni woti ku Georgia wopha mzungu ankaweruzidwa kuti aphedwe kowirikiza kanayi kuposa wopha wakuda, koma majaji asanu mwa asanu ndi anayi n'kunena kuti zimenezo sizokwanira kupulumutsa munthu. Anakambanso za Louisiana, kumene kuyambira mu 1898 munthu ankatha kumangidwa ngakhale ena mwa oweruza wamba atakana, njira yomwe anaikonza dala kuti mawu a wakuda mmodzi kapena awiri asakhale ndi mphamvu. Khoti la Supreme linagamula mu 2020 kuti zimenezi n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Zimene ndikufuna musunge pa gawoli ndi ziwiri. Choyamba, milandu yoposa 90 pa 100 iliyonse kuno sifika pozengedwa. Munthu amangovomera kulakwa atalonjezedwa chilango chochepa. Kwa nzika zimathera pomwepo, koma kwa wa green card kapena wa viza kuvomerako kungakhale tikiti ya ndege. Kuyambira pa mlandu wa Padilla mu 2010, loya wanu ali ndi udindo wokuuzani ngati kuvomera kungakuthamangitseni m'dziko. Ndiye mwana wanu kapena mwamuna wanu akagwidwa, asavomere kanthu asanafunse funso limenelo, ngakhale loya wa boma akhale ndi changu chotani. Chachiwiri ndi mlandu wochokera konkuno ku Indiana. Tyson Timbs anagula Land Rover ya madola pafupifupi 42,000 ndi ndalama za inshuwalansi ya malemu bambo ake. Atavomera mlandu wogulitsa mankhwala osokoneza bongo, umene chindapusa chake sichikanaposa madola 10,000, boma linalanda galimotoyo. Mu 2019 majaji onse a khoti la Supreme anagwirizana kuti lamulo loletsa chindapusa chopyola muyezo limamanganso maboma a zigawo, ndipo Ruth Bader Ginsburg polemba chigamulocho anakumbutsa za zindapusa zija ankasenzetsa akapolo omasulidwa. Timbs ndi mzungu, koma chomupulumutsa chinachokera m'mbiri ya akuda.

Ndisanafike pa misonkho, nkhani ya alawansi. Ndalama zimene gulu linandipatsa zinakwanira mafuta, kulembetsa ndi malo ogona otsika mtengo kunja kwa tawuni. Chakudya ndi poimika galimoto ndinalipira za m'thumba, komanso ndinasiya mashifiti kuntchito. Malisiti onse ali kwa a Msungichuma. Ndikulemba izi chifukwa ndamva kuti kwinakwake kukunenedwa kuti ndinakadya ndalama za maliro. Amene akunena zimenezo afunsenso lipoti la ndalama zimene tinasonkha potumiza thupi kumudzi chaka chatha, limene mpaka lero sitinalione, ngakhale tinalonjezedwa pa misonkhano iwiri. Sindikuloza munthu chala, ndikungoti muyezo ukhale umodzi.

Tsopano nkhani imene inandipangitsa kuona kuti ulendowu sunapite pachabe. Anthu oposa theka m'dziko muno amalipira wina kuti awalembere msonkho. Ambiri a ife timaganiza kuti munthu woteroyo ali ndi chiphaso cha boma. Ayi. M'zigawo zambiri, kuphatikizapo yathu ino, safunika sukulu kapena mayeso. Amangolipira kandalama kochepa n'kutenga nambala yotchedwa PTIN, basi watsegula ofesi. Inu amayi amene mumagwira ntchito ya CNA, yothandiza anamwino, boma silikulolani kusamalira nkhalamba musanaphunzire maola osachepera 75 ndi kukhoza mayeso, koma amene mumamupatsa nambala yanu ya Social Security, ya ana anu ndi nambala ya ku banki sanayesedwepo ndi aliyense. Oregon, California, Maryland ndi New York ndi zina mwa zigawo zochepa zimene zinaika malamulo awoawo.

A IRS, bungwe la boma lotolera msonkho, anayesapo kutseka mpatawu. Mu 2011 analamula kuti olembera anzawo msonkho azilemba mayeso ndi kuphunzira maola 15 chaka chilichonse. Anthu atatu, mmodzi mwa iwo Sabina Loving wa ku Chicago, anakasuma. A IRS pofuna kusonyeza kuti ali ndi mphamvu anatulutsa lamulo la 1884. Lamuloli linapangidwa chifukwa nkhondo yapachiweniweni itatha, nkhondo yomwe ija inathetsa ukapolo, anthu ankapempha boma chipukutamisozi cha mahatchi awo otayika kunkhondo, ndipo madobadoba oimira anthuwo ankakweza mitengo ndi kupeka mahatchi. Holo yonse inaseka. Koma khoti silinaseke: mu 2013 jaji James Boasberg anagamula kuti lamulo la mahatchi silikukhudza olemba mafomu, ndipo mu 2014 khoti la apilo linavomereza, wolemba chigamulo ali Brett Kavanaugh, amene pano ali ku Supreme. Anati wolemba fomu saimira munthu pamaso pa boma, ndipo ngati pakufunika lamulo, apange ndi a Congress, nyumba ya malamulo ya kuno. Mpaka lero a Congress sanapange. Chimene chilipo ndi maphunziro ochita kufuna wekha.

Chaka chomwecho cha 2014, ofesi ya boma yofufuza za kayendetsedwe ka chuma, GAO, inatumiza anthu onamizira kukhala makasitomala kwa olemba msonkho 19. Amene anapeza refund yolondola, ndalama imene boma limabweza kwa wokhoma msonkho, anali awiri okha.

Kumene mitu itatu ija inakumanirana ndi apa. Zolakwa zambiri zimachitikira pa ndalama yothandiza ogwira ntchito olandira zochepa, EITC, imene mu 2024 inkafika madola 7,830 kwa banja la ana atatu. Ndalama yotere imakopa akamberembere, ndipo a IRS m'malo mogwira olembawo amagwira olemberedwa, chifukwa kutumiza kalata kwa mayi wosauka n'kotchipa kusiyana ndi kulimbana ndi maloya a munthu wolemera. Kafukufuku wa akatswiri a ku Stanford pamodzi ndi a ku Treasury, amene anatuluka mu 2023, anapeza kuti akuda amachitidwa audit, kufufuzidwa za msonkho, kowirikiza pakati pa 2.9 ndi 4.7 kuposa ena, ngakhale fomu sifunsa mtundu wa munthu. Mkulu wa IRS pa nthawiyo, Danny Werfel, anavomera. Ndipo dera limene linapezeka kuti likufufuzidwa kwambiri m'dziko lonse silinali la mabwana a ku New York, linali Humphreys ku Mississippi, dera losauka la akuda, m'minda ya thonje momwe muja.

Ife tili pati pamenepa? A Wapampando, mundikhululukire, ndinena. Tonse tikudziwa kuti January akafika mauthenga amayamba kuyenda, akuti pitani kwa mkulu uje, amatulutsa refund yonona. Ena mwa inu munalembetsa ana a achimwene anu amene mukuwalipirira fizi ku Mzimba kapena ku Mulanje. Lamulo silikulola. Munthu womudalira inu ayenera kukhala nzika kapena wokhala m'dziko muno, kapena wokhala ku Canada kapena ku Mexico, ndipo pa EITC mwanayo ayenera kukhala nanu m'nyumba, muno mu America, kwa nthawi yoposa theka la chaka. Kutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ngakhale kuli kwabwino, sikusintha zimenezo. Ena ndinu banja, mukugona nyumba imodzi, koma aliyense analembedwa ngati kholo lolera lokha ana kuti ndalama ichuluke. Tsiku limene a immigration adzapemphe mafomu a msonkho ngati umboni wa ukwati wanu, mudzawapatsa chiyani? Ana athu a sukulu obwera pa viza ya F-1 ali ndi fomu yawoyawo ya anthu osakhazikika, koma amalembedwa pa fomu ya aliyense n'kulandira ndalama zosayenera. Ndipo ena mwa olembawa sasaina n'komwe, fomu imaoneka ngati mwalemba nokha.

Osaina ndinu, ndipo mumasaina molumbira. A IRS akapeza cholakwa, obweza ndinu, ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa. Angakuletseni EITC kwa zaka ziwiri ngati munachita mosasamala, kapena zaka khumi ngati aona kuti ndi chinyengo. Loya wina wa za immigration anakumbutsa za Akio ndi Fusako Kawashima, banja la ku Japan lokhala ndi green card kuyambira mu 1984, la bizinesi ya malo odyera ku California. Anavomera mlandu wa fomu yabodza ya msonkho, ndipo mu 2012 khoti la Supreme linagamula kuti bodza la msonkho lotayitsa boma madola oposa 10,000 ndi mlandu wothamangitsa munthu m'dziko. Werengerani nokha refund yonona ya zaka zitatu.

Potseka, ambiri anagwirizana kuti njira ndi yoti a Congress apatse IRS mphamvu zoyesa ndi kulanga olemba msonkho, zimene Nina Olson, yemwe anali mkulu woimira okhoma msonkho, anayamba kupempha mu 2002. Pulofesa wina anatsutsa. Anati mayeso ndi ndalama zolembetsera zidzagwetsa ang'onoang'ono otumikira anthu osauka m'chinenero chawo, n'kusiya msika kwa makampani akuluakulu, amene paja anali kumbali ya IRS mu 2011. Mfundo yake ili ndi mutu. Kwa ine mbali zonse ziwiri zinaphonya chinthu chimodzi. Amene amalemba mwana wa ku Mulanje pa fomu si kuti sadziwa lamulo, mayeso angakhoze bwinobwino. Amachita chifukwa ife timapita kwa iye tikufuna zomwezo, ndipo wina akatiuza zoona timati sadziwa ntchito. Komanso pempho limene lakhala ku Congress zaka zoposa 20 si loti ife tizilidikira.

Choncho ndikupempha komiti zinthu izi, ndipo ndikufuna zikambidwe, zisangolembedwa m'maminitsi. Gulu lisiye kulola aliyense kulengeza bizinesi ya msonkho pa misonkhano yathu pokhapokha ataonetsa PTIN yake ndi kulonjeza kuti azisaina fomu iliyonse ndi kupereka kope kwa mwini wake. Ndikudziwa kuti zimenezi zikhudza m'bale wathu amene amasonkha bwino pa maliro, ndipo pamene ndinazitchula koyamba ndinatchedwa wansanje. Ine ndilibe bizinesi ya msonkho ndipo sindikufuna kuyamba. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati m'baleyo ntchito yake ili yolongosoka, lamuloli silimupweteka, ndipo ndingakonde gulu litamulimbikitsa kulemba mayeso a enrolled agent, amene a IRS amawavomereza pamodzi ndi maloya ndi ma CPA, akatswiri owerengera ndalama okhala ndi chiphaso.

Ndikupemphanso kuti achinyamata athu awiri kapena atatu akaphunzire za VITA, pulogalamu ya IRS yolembera msonkho kwaulere anthu olandira zochepa. Chodabwitsa n'chakuti odzipereka a VITA, osalandira kanthu, amalemba mayeso chaka chilichonse, pamene olipiritsa salemba. Maphunzirowo ndi aulere. A Mlembi ananena kale kuti anthu athu sangaonetse malipiro awo kwa mwana wa mnzawo poopa kuti mawa nkhani ili ponseponse. Nkhawayo ndi yoona, tikudziwana. Koma panopa malipiro omwewo tikuwaonetsa pabalaza pa munthu, ena atakhala pa sofa kudikira, ndiye chinsinsi chake n'chiti? Amene sakufuna kuthandizidwa ndi Mmalawi mnzake, achinyamatawo angamulozere malo ena a VITA kumene samudziwa.

Amene mukudziwa mumtima kuti fomu zanu za m'mbuyomu zili ndi mwana wosakhala kuno kapena bizinesi imene simunachitepo, pali fomu yokonzera, 1040-X, ndipo kukonza nokha asanakupezeni n'kosiyana kwambiri ndi kugwidwa. Musanaitumize, makamaka ngati mukuyembekezera kupempha unzika, kaonaneni ndi loya. Sukulu zambiri za malamulo zili ndi makiliniki othandiza okhoma msonkho olandira zochepa, kwaulere kapena pa mtengo wotsika. Mayi wina woyendetsa kiliniki yotere anavomera kudzalankhula nafe pa Zoom popanda malipiro, ndipo wina aliyense angafunse osatchula dzina. Nambala yake ndapereka kwa a Wapampando. Tsiku lisankhidwe mwezi wa December usanathe, chifukwa ma W-2, mapepala a malipiro a chaka ochokera kuntchito, akangotuluka kumapeto kwa January anthu amakhala atapita kale kwa mkulu uje.

Ine wanu,
Nthumwi yanu ku msonkhano